Alonda a Miyendo Isanu ndi Itatu

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo unayamba ndi funso: zinatheka bwanji kuti dimba losamalidwa kuposa onse m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe lisatulutse kabichi ngakhale mmodzi?

Dimbalo linali la Bambo Chimkwita, amene analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti ndiwo zamasamba za pa ukwati wa mwana wawo wamkazi zidzachokera kwa iwo. Tsiku lina anapeza tsamba lobooka, ndipo pambali pa bowolo panali kangaude. Mlandu unagamulidwa pomwepo. Kuyambira tsikulo ankalawirira kudimba ndi tsache ndi patapata, kuphwasula ukonde uliwonse ndi kupha mwini wake.

Akazi awo, Nangondo, anawafunsa ngati anamuonapo kangaude akutafuna tsamba.

"Mayi, wakuba satafuna pamaso pa mwini munda," anayankha motero.

Patatha milungu itatu akangaude anatha, koma masamba anasanduka sefa. Bambo Chimkwita anaitana mlangizi wa zaulimi, Mayi Kalonjere, ndipo anawaonetsa monyadira chitini chodzaza mitembo ya adani awo.

Mlangiziyo anatola kangaude mmodzi n'kuwapempha kuti awerenge miyendo. Inakwana isanu ndi itatu. Anagwira kagulugufe kotuwa pa kabichi. Kameneko kanali ndi miyendo isanu ndi umodzi. Kenaka anafotokoza kuti gulugufe, ntchentche ndi chiwala ndi fuko limodzi: thupi la zigawo zitatu, tinyanga pamutu, ndipo ambiri ali ndi mapiko. Kangaude ndi wa fuko lina, mbale wa chinkhanira: zigawo ziwiri, wopanda mapiko, wopanda tinyanga. Kabichi sadya. Amagwira kachilombo, kukasungunula ndi madzi a m'kamwa mwake, n'kukayamwa. Tiagulugufe timene tikanakodwa mu ukonde tinaikira mazira mwaufulu, ndipo mbozi zake ndi zimene zinadya dimba.

"Nanga pabowo paja ankatani?" anafunsa Bambo Chimkwita.

"Anali pantchito, bambo. Mwapha alonda anu."

Nangondo anasuzumira m'chitini muja n'kufunsa modekha ngati ku ukwati aphike amenewa ndi tomato kapena ndi nsinjiro. Pa tsiku la ukwati alendo anadya nkhwani wochita kupempha kwa asewere.

Yankho la funso lija ndi limeneli: dimbalo linatha chifukwa munalibe akangaude. N'chifukwa chake alimi a kumeneko amati: "Usanaphe, yamba wawerenga miyendo."