Kumeta Mutu wa Kanyerere

Lolemba, 4 Julayi 2016

Apongozi, mayi a mkazi wanga, akufika Lamulungu. Ndatsala ndi masiku asanu ndi limodzi oti nditsuke dzina langa.

Nkhani yake ndi iyi. Ulendo wawo woyamba kuno ku Joni, Kanyerere, kagalimoto kanga, kanazima pakati pa chitunda tikubwera kwathu ku Ivory Park. Mkazi wanga anali woyembekezera, ine pa chiwongolero. Amene anatsika n'kukankha ndi apongozi. Papita zaka zitatu, koma kwawo ku Thyolo sindine bambo a Tadala ayi, ndine "mkamwini wa galimoto yokankha." Imakambidwa kuchigayo, paukwati, ngakhale pamaliro anthu akafuna kuseka pang'ono. Zimandiwawa!

Ndatenga tchuthi cha sabata ku ulonda wanga ku Sandton. Ndapita kwa a Jairosi, makaniko wachikulire wobadwira kumgodi ku Zimbabwe, bambo awo a ku Dedza. Ndafunsa za thebo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini.

"Hayikona! Thebo pa injini yokalamba ndi kumwetsa gogo kachasu. Avina lero, mawa maliro. Joni uyu ali pamwamba, mpweya ngwochepa. Injini izipuma yokha, mwanangu, ingoithandiza."

Dongosolo:
1. Mphuno: fyuluta yaikulu, mpweya ulowe wambiri.
2. Kumbuyo: ekizozi yotakasuka, utsi utuluke msanga.
3. Kumeta mutu wa injini pang'ono, petulo ndi mpweya zipanikizike bwino.
4. Kuchotsa zolemera zonse.

Lamulungu apongozi akwera chitunda chija atakhala pampando. Ndalumbira!

Lachiwiri, 5 Julayi

Mphuno yatheka. Kumbuyo kwatheka. Koma phokoso, abale! Agalu a mzere wathu wonse akuuwa. Mayi woyandikana nafe watulukira pampanda tsache lili m'manja: "Wena Malawi, ufuna ukusibulala?" Sindikufuna kupha munthu, mayi, ndikufuna kukwera chitunda.

Kuyesa. Matumba atatu a mchenga: awiri ndi apongozi, limodzi ndi katundu wawo wa ufa, usipa ndi nandolo. Ndawakhazika kumbuyo mwaulemu, ndawamanga lamba.

Pansi pa chitunda, giya yachitatu. Pakati, yachiwiri. Kenaka yoyamba. Kanyerere kakubangula ngati mkango, koma bambo wokankha ngolo ya zitsulo zakutha watipitirira, n'kundipatsanso moni.

Mkazi wanga wandipeza ndikutsitsa matumba, ndikuti "tafika, amayi."

"Ndiye amayi anga ndi matumba awiri?"

Nkhomaliro sinabwere lero.

Lachitatu, 6 Julayi

Tamasula mutu wa injini ndi a Jairosi. Chitsulo cholemera, chakuda bii. Ndachikulunga m'chitenje chakale, ndakwera nacho tekisi, minibasi ya kuno, mpaka ku Doornfontein chili pamiyendo. Kondakitala palibe kuno, koma dalaivala wandiyang'ana ngati ndanyamula mutu wa munthu.

A Jairosi anandiuza katatu: theka la milimita, osapitirira. Panjira ndaganiza. Theka? Chitunda chonse chija, apongozi onse aja, theka? Ngati pang'ono kabweretsa mphamvu pang'ono, ndiye kuti kwambiri kubweretsa yambiri. Masamu osavuta.

Wa makina wafunsa kuti amete zingati. Ndakweza zala ziwiri.

"Two mil? You sure, baba?"

Ndati shuwa shuwa. Wafunsanso. Ndatinso shuwa, mokweza, pakuti anthu anali kumvetsera ndipo sindinafune kuoneka wosadziwa.

Mutu wabwera ukunyezimira, nkhope yanga ikuoneka momwemo. Ndasangalala njira yonse. Lero ndilo tsiku labwino la sabata ino.

Lachinayi, 7 Julayi

A Jairosi palibe, apita ku Tembisa kukaona mwana wawo. Ndikugwira ndekha mfundo yachinayi.

Zochotsedwa:
tayala la sipeya
jeke
makapeti
sipika ziwiri
mpando wakumbuyo

Kanyerere kapepuka, m'kati mukumveka ngati m'mgolo. Mkazi wanga wasuzumira pawindo.

"Amayi akhala pati?"

Kutsogolo, ndayankha.

"Phewa ndi phewa ndi mkamwini? Posintha giya muziwakhudza bondo?"

Mayo ine! Mpando wabwerera. Mabawuti anali anayi, ndapeza atatu. Bawuti lachinayi Tadala akuti waliponya m'chimbudzi kuti amve kulira kwake.

Ndamuonetsa mkazi wanga mutu wonyezimira uja, ndafotokoza kuti taumeta. Wauyang'ana nthawi yaitali.

"Kwathu kumeta kumabwera maliro akatha. Inu mwayamba ndi kumeta. Chabwino, maliro ake tidikira."

Mkazi uyu pakamwa pake mpoopsa. Mtima wanga sukukhazikika.

Lachisanu, 8 Julayi

Basi yanyamuka ku Blantyre m'mawa uno. Apongozi ali panjira.

A Jairosi abwera, agwira mutu uja, autembenuza, aika chala m'mphepete.

"Iwe! Wameta kapena wasenda?"

Ndaulula. Avula chipewa, akhala pa tayala. Akuti mutu watsika kwambiri, mavavu akumana ndi mapisitoni, chitsulo chimenya chitsulo chinzake. Akuti tipeze gasiketi yokhuthala yoyala pansi pa mutuwo kuti ukwere, mwina Lolemba. Lolemba! Lolemba apongozi adzakhala atamwa kale tiyi m'nyumba mwanga kawiri.

Ndachonderera kuti timange choncho, tingoyesa. Akana. Ndachondereranso.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Manga, ine ndingoonerera."

Ndamanga. Oyilo, madzi, batire. Anthu asonkhana, ngakhale mayi wa tsache uja. Ndapotokola kiyi.

Kalira! Kalira bwino, mawu okhuthala, a galimoto ya anthu olemera! Ndaponda mafuta kamodzi kuti a Jairosi amve. Kachiwiri kuti mkazi wanga amve. Kachitatu sindikudziwa ndinapondera ndani.

Kho! Kho-kho-kho. Zii.

Mayi wa tsache wati "shem" mondimvera chisoni, wabwerera kwawo.

Loweruka, 9 Julayi

Tatsegulanso. Mavavu anayi apindika ngati nthochi. Pisitoni imodzi yabooka, chala chikulowa.

Zoyesa lero:
Bwalo la magalimoto akufa loyamba: mutu ulipo, koma wa injini ina.
Lachiwiri: "Come Monday."
Lachitatu: atseka kale, galu yekha ndiye wandilandira.
Kubwereka galimoto ya Yusufu, mnzanga wa ku Mangochi: ikupita ku ukwati, yamangidwa kale maluwa.

A Jairosi sakunditukwana, ndipo zimenezi zikupweteka kuposa kutukwana. Angotolera masipanala awo, limodzilimodzi, akuwapukuta.

Foni yalira masana. Apongozi adutsa pa Beitbridge bwinobwino. Ndamva mawu awo patali akufunsa mwana wawo: "Kagalimoto kaja kakadalipo?" Mkazi wanga wayankha kuti kalipo. Sananame.

Ndakhala m'kati mwa Kanyerere mpaka dzuwa kupendeka, manja pa chiwongolero. Kunena zoona ndalira pang'ono. Tadala amaganiza kuti ndikusewera, wakwera kumbuyo, akuti tipite ku Malawi.

Lamulungu, 10 Julayi

Apongozi takawatenga pa tekisi. Tekisi ziwiri, ine pakati pa thumba la ufa ndi la usipa, anthu akutsegula mawindo ngakhale kukuzizira. Chitunda chija tachikwera mosavuta. Ndayang'ana pansi mpaka tachidutsa.

Ndipo poyang'ana pansipo ndaona mapazi awo. Nsapato zothamangira, zoyera, zatsopano, pansi pa chitenje cha Mvano. Agwira mwana wawo paphewa: "Uwauze bambo a Tadala kuti ulendo uno ndabwera wokonzeka. Ndinagula ku Limbe, siziterera."

Anagula nsapato zokankhira galimoto yanga. Amayi a zaka zimenezi anayenda m'sitolo, kuyesa saizi, akuganiza za ine.

Kunyumba azungulira Kanyerere kawiri, boneti ili yasa, mutu uli pa nyuzipepala pambali. Mkazi wanga wafotokoza zonse, sanasiyeko ndi matumba omwe. Apongozi awomba m'manja pang'onopang'ono: "Uwauze kuti pepani."

Pano akhala pampando wakumbuyo, chitseko chotsegula, akuwothera dzuwa, Tadala pamiyendo. Akuti mpandowo ukugwedera koma ngwofewa. Ndinalumbira kuti akhala pampando osakankha, ndipo akhaladi.

Atenga foni, akuimba ku Thyolo. Ndikulemba izi ndili kuseri kwa nyumba, koma mawu awo akufika.

"Tafika bwino... Ayi, chaka chino sitinakankhe."

Adikira kaye kuti onse asonkhane pafoni.

"Ameta."

Mawa ndibwerera kuntchito. Pa tekisi.