Tsiku limene ndinamwetsa galimoto mankhwala a mwana

Ku komboni ya Madumabisa kuli nkhalamba zinzanga zimene mpaka lero zikandiona zimayamba kuseka ndisanapereke n'moni womwe. Sindizikwiyira. Ndikanakhala kuti ndinali woonerera tsiku limenelo, bwenzi nanenso ndikusekabe.

Inali nthawi imene tauni ino tinkaitchula kuti Wankie, ine ndikugwira ntchito ya mapampu pansi pa mgodi. Ntchito yanga inali yotulutsa madzi kuti anzathu okumba malasha asamire, ndiye ndinkadziona ngati katswiri wa chilichonse chodontha. Galimoto ndinaigula kwa mzungu wina wa ku Baobab, dera la azungu, amene ankasamuka. Anaimenya pa boneti n'kundiuza m'Chilapalapa, chiyankhulo cha pamgodi, kuti ndi yabwino zedi, ine n'kukhulupirira (ndinamupeza ali ndi ndowa m'manja, koma ndinaganiza kuti amathirira maluwa).

Mbiri ya galimotoyo inakafika kwawo kwa mkazi wanga ku Dedza, koma inafika itavala malaya ena. Kumeneko anamva kuti mkamwini wathera malipiro onse pa chitsulo, mwana wawo akugona ndi njala. Ndiye mkazi wanga atangochira, n'kutipatsa mwana wamwamuna, munthu wina wochokera kutchuthi anabwera ndi uthenga wakuti apongozi anga aakazi ali m'njira. Akudzaona okha, ndipo akapeza kuti zinthu sizili bwino atenga mwana wawo ndi mdzukulu yemwe kubwerera nawo kumudzi. Kwathu ana ndi akuchikazi, ndinalibe pokanira. Ndisaname, ndinachita mantha. Apongoziwo ndinali ndisanawaonepo, poti ukwati wathu anauyendetsa ndi malume a mkazi wanga amene ankagwira ntchito konkuno. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndikawatenga ku siteshoni pa galimoto yomweyo, kuti aone kuti chitsulocho chili ndi ntchito.

Kutatsala masiku ochepa, mkazi wanga akusesa pakhomo anaima n'kuloza pansi.

"Bambo a mwana, galimoto yanuyi yakodzanso."

"Ndi mame amenewo," ndinatero. (Mame mwezi wa Okutobala, ku Wankie, kumene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi.)

Amene anakana kunamizidwa anali Che Amidu, mnansi wathu wa kasitolo, yemwe kale ankayendetsa malole. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kundionetsa. Oyilo uja sanali wakuda, ankaoneka ngati tiyi wamkaka. Anatsegula chivindikiro cha redieta injini ikulira, m'madzimo mukutuluka thovu. Kenako anapita kumbuyo, nanunkhiza utsi woyera umene unkatuluka ku ekizozi.

"Achimwene, gasiketi yapita," anatero. "Kachikopa kaja kamakhala pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake kapsa. Madzi akulowa m'chipinda cha oyilo, ena akupsa n'kutuluka kumbuyoku. Iimikeni. Apongozi anuwo kawatengeni pa basi."

Basi? Munthu wa galimoto? Ndinamuonetsa kabowo kamene ndinakapeza ndekha pansi pa redieta, n'kumuuza kuti za madzi asandiphunzitse, ine ndimagona nawo pansi pa nthaka. Kabowoko kanalipodi, kungoti kanali ngati chipere pa munthu wodwala chifuwa chachikulu. Che Amidu anangopukuta manja n'kubwerera kukagulitsa sopo wake.

Kuntchito mnzanga wina anandipatsa nzeru yakuti dzira laliwisi limatseka bowo la redieta, poti likapsa limakakamira pamene pakudontha. Iye ananena dzira limodzi. Ine ndinaganiza kuti ulendo wa apongozi si wamasewera, ndiye ndinaswera m'menemo mazira onse amene mkazi wanga ankasungira mlendoyo. Kudontha kunasiya. Ndinadutsa pa sitolo ya Che Amidu ndikuimba hutala.

Tsiku linafika. Mkazi wanga sakanatuluka ndi khanda, choncho ndinapita ndekha. Apongozi ndinawazindikira msanga: mayi wamfupi, wa nkhope ya mkazi wanga yeniyeni koma yosaseka, ali ndi mtolo, chigubu chokulungidwa m'chitenje, ndi nkhuku yaikazi imene mbale wina anawapatsa ku Bulawayo. Ndinagwada chapatali, nkhope kumbali, n'kuwomba m'manja. Iwonso anayang'ana kumbali n'kuyankha. Achinyamata a lero sangamvetse, koma nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana m'maso kapena kuchezerana. Mawu ankadzera mwa munthu wina, ndipo tsiku limenelo munthu winayo panalibe.

Ndinaika mtolo ndi chigubu m'buti, iwo n'kukhala kumbuyo nkhuku ili pamiyendo. Nditakhala pa chiwongolero ndinadzidzimuka: m'kagalasi koonera kumbuyo munali maso a apongozi. Ndinakapinda msangamsanga kuti kaziyang'ana kudenga. Ulemu umenewo ndi umene unandipha, chifukwa kuyambira pamenepo zonse zochitika kumbuyo kwa galimoto sindinkaziona. Kasingano koonetsa kutentha kwa injini nako kanali kakufa chigulireni.

Tinanyamuka bwinobwino. Titayenda pang'ono ndinamva apongozi akuyankhula ndi nkhuku.

"Iwe nkhuku, kodi kuno amatentha tchire mumsewu? Utsi ukutitsatawu ndi wa chiyani?"

Ndinamva, koma mawuwo sanali anga, anali a nkhuku. Komanso kuno utsi si nkhani, malasha amafuka usana ndi usiku. Ndinangoponda mafuta.

Patapita kanthawi anayambiranso. "Iwe nkhuku, waikira kodi? Ndikumva fungo la dzira lowiritsa."

Fungolo ndinkalimva nanenso. Anthu oyenda pansi ankatibayibitsa ndi manja onse awiri, ena akuloza, ine n'kumawabayibitsanso poganiza kuti akusirira. Titayamba kukwera kachitunda kolowera kwathu, injini inayamba kugogoda, mphamvu n'kutha, nthunzi n'kutulukira m'mbali mwa boneti. Galimoto inaima pakati pa chitunda, dzuwa lili paliwombo.

Apongozi anatsika mwakachetechete ndi nkhuku yawo, napita kukakhala pansi pa mtengo wa tsanya, atandifulatira kuti asaone manyazi a mkamwini. Ine ndinadikira pang'ono (pang'ono kwambiri), ndinakulunga dzanja m'shati n'kupotokola chivindikiro cha redieta. Chinandiphulikira. Mwamwayi nkhope ndinali nditaibweza, koma jekete yanga ya ku tchalitchi inadzaza zidutswa za mazira, zoyera ndi zachikasu. Nditasuzumira m'redieta, munali gwaa, mopanda ndi dontho lomwe.

Madzi ndikawapeza kuti? Mpopi unali kutali. Apa ndi pamene ndinakumbukira chigubu chija. Ndinatsegula buti n'kuchigwedeza, chinali chodzaza. Ndinaganiza kuti ndi madzi akumwa a paulendo, ndipo ndikawabwezera ena ozizira kunyumba. Kufunsa kunali kosatheka. Ndikanayamba bwanji, kuitana apongozi ngati mnzanga wa kumowa? Nkhuku imene ikanandinenera inali m'manja mwawo. Ndinatsegula n'kuthira chonse. Madziwo anali ofiirira, ndipo kumapeto kunagwera timizu ndi timakungwa, koma ndinadziuza kuti madzi a m'sitima amakhala choncho.

Injini yotentha ija italandira madzi ozizira inalira kuti thee, ngati mbale yadothi ikasweka. Kenako panabuka nthunzi ya fungo limene aliyense wobadwira kumudzi amalidziwa. Apongozi anatembenuka. Anaiwala mwambo, anandiyang'ana m'maso mwenimweni, kenako anayang'ana chigubu chili m'manja mwanga chozondoka.

Atatsegula pakamwa, anabwerera kwa nkhuku.

"Iwe nkhuku, mizu ija ndinakakumba ndekha kuphiri. Ndaiviika njira yonse kuti ndikangofika ndimusambitse mdzukulu wanga, alimbe mafupa. Taona amene wasamba."

Ndinalakalaka mgodi utatseguka pomwepo n'kundimeza. Ndinagwada pa phula lotentha, ndipo poti ndinalibe njira ina, nanenso ndinayankhula ndi nkhuku. Ndinaiuza kuti ikandipepesere kwa mayi, ndalakwa, ndimafuna kuti afike ngati mlendo wolemekezeka. Nkhukuyo inangondiyang'ana ndi diso limodzi, kukamwa kuli yasa chifukwa cha kutentha.

Tinalowa m'Madumabisa titakokedwa ndi lole ya malasha, apongozi ali kutsogolo kwa loleyo, ine ndili m'galimoto yanga yakufa, mazira ali pa jekete, fumbi lakuda likundithira kumaso. Komboni yonse inatuluka. Che Amidu anaima pakhomo pa sitolo yake, anangovula chipewa ngati pakudutsa maliro.

Madzulo ndinakhala panja pa chitini, ndikumvetsera za m'nyumba. Mtima sunali m'malo. Ndinkadziwa kuti mlandu ndaluza ndisanauyambe, ndipo ndinkaona kale sitima ikunyamuka ndi mkazi wanga ndi mwana. Ndinamva mkazi wanga akufunsa za ulendo. Apongozi anayamba kufotokoza ndi mawu aukali, anafika pa utsi, anafika pa dzira, koma atafika poti mkamwini anagwadira nkhuku pamsewu mawu anawathera. Ndinamva phokoso lachilendo, n'kuganiza kuti akulira. Ankaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mwana n'kudzuka.

Kenako mkazi wanga anatuluka n'kugwada pafupi nane, akudziluma milomo.

"Amayi akuti mwana wosasamba mankhwala sangayende naye ulendo wautali chotero. Akuti akhala konkuno mpaka wina abweretse mizu ina kuchokera kumudzi."

"Ndiye mizuyo ikabwera?"

"Akuti aona. Akutinso munthu woopa apongozi mpaka kuwotcha galimoto yake sangamenye mkazi."

Mizu inabwera patapita miyezi, mwana anasamba, koma za ulendo sizinatchulidwenso. Apongozi anakhala nafe mpaka mwanayo anayamba sukulu. Galimoto ija Che Amidu ataitsegula anapeza gasiketi yopsa monga ananenera, mutu wa injini wosweka chifukwa cha madzi ozizira aja, ndi mapaipi odzaza mazira ndi makungwa. Inatenga pafupifupi chaka kuti idzuke. Itadzuka inayenda zaka zambiri osadwaladwala, ndipo apongozi ankauza aliyense ku tchalitchi (kudzera mwa ena, ine ndili pomwepo) kuti imeneyo ndi mphamvu ya mizu yawo. Ankaitchula kuti mdzukulu wawo woyamba.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinena kuti ndinaphunzira kumvera anzanga. Pang'ono. Oyilo ndimamuyang'ana mtundu, ndipo mazira ndimadya. Koma tsiku limene tinkawaperekeza apongozi ku siteshoni, atakhala kumbuyo kwa galimoto yomweyo, dzanja langa linapita lokha pa kagalasi kaja kuti likapinde. Kunalibe nkhuku tsiku limenelo. Anakhosomola, nayankhula ndi ine mwini kwa nthawi yoyamba.

"Bambo, kasiyeni choncho. Kuli bwino muone ine kusiyana n'kuti tikafike pa lole."