Tambala wa Apongozi ndi Masipika Atsopano

Nkhani iyi ndikuilemba chifukwa pakamwa sindingaithe. Ine ndine munthu woti ngakhale kutchalitchi ndimangogwedeza milomo anzanga akamayimba. Koma pali tsiku lina limene ndinasokoneza mudzi wathunthu uli pachisoni, ndipo panatsala pang'ono kuti banja lathu ligone ndi njala chifukwa cha nzeru zanga.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi akabaza. Njinga yawo yamoto si ngati zing'onozing'ono zimene zadzaza pa Thyolo Boma zija. Ndi chinjinga chachikulu chimene anagula kwa manijala wina wa pa esiteti atapuma ntchito. Mwini wakeyo ankayenda nacho maulendo ataliatali opita kwawo kumpoto, ndiye chili ndi mabokosi awiri m'mbali oikamo katundu. Vuto lake linali limodzi: chinabwera ndi timasipika tolira ngati udzudzu, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima bambo a Tadala.

"Kasitomala wa masiku ano amasankha njinga ndi khutu," ankatero. "Anzanga akuliza nyimbo msewu wonse, ine ndizingoliza hutala?"

Tsiku lina anabwera kuchokera ku Limbe ndi masipika awiri aakulu ngati mbale, ndi kabokosi kakuda kotchedwa ampulifaya, kamene amati ndi kopatsa masipika mphamvu. Anakhala pakhonde tsiku lonse, mawaya ali mbwee, wina kukamwa, wina pakhosi. Ine ntchito yanga inali kuwagwirira tepi, Tadala ali kumsana. Anandifotokozera zonse, ndisawanamizire. Anati ampulifaya aitsekera m'bokosi la kumanja kuopa chiperoni, ndipo bokosilo aliboola timabowo kuti isamatenthe. Anati mawaya alumikiza ku batire mwachindunji, moti nyimbo izilira ngakhale injini itazima. Swichi ya pachiwongolero anati adzaika akaipeza, pakadali pano kuyatsa ndi kuzimitsa ndi m'bokosi momwemo. Ine ndinkangoti "eya, eya" (maganizo anga anali pa nyemba zimene ndinasiya pamoto).

Atayesa, galu wa aneba anathawira m'nthochi, Tadala analira, bambo ake anamwetulira ngati apambana chisankho.

Sabata yomweyo tinali ndi ulendo wokaona apongozi anga ku Goliati. Kwa apongozi sitipita chimanjamanja, ndiye ndinagwira tambala wofiira amene ndinaweta ndekha kuyambira ali kamwanapiye. Ndinapempha bambo a Tadala kuti nyimbo isalire chifukwa cha makutu a mwana. Anavomera monyinyirika, natsegula bokosi, kudina batani lozimitsira, kenako anapita kukabwereka chipewa cha panjinga choti ndivale ine.

Ali konko chiperoni chinayamba kuwaza. Bokosi la kumanzere linali litadzaza kale ndi matewera ndi shuga. Anthu anzeru nkhuku amaipachika pachiwongolero chazondoka, basi. Koma ine ndinaganiza kuti tambala wanga akafika atanyowa, nthenga zitamatirira, apongozi adzati ndawasankhira wodwala chitopa. Ndinasuzumira m'bokosi la kumanja. Kabokosi kakuda kaja kanali pakona, malo ambiri atangokhala osagwira ntchito. Timabowo topumira tinalipo kale. Ndinati, ngati chitsulo chikupuma m'menemu, nanga tambala alephera bwanji? Ndinamumanga miyendo ndi luzi, kumugoneka bwinobwino, kutseka ndi loko. Kiyi ndinamangirira pakona pa chitenje. Chitenje chomwecho ndinaberekera Tadala, pamwamba pake ndinamanga china, pamwamba penipeni bulangete chifukwa cha kuzizira.

"Tambala uja ali kuti?" anafunsa bambo a Tadala atabwera.

"Ndamusunga bwino."

Sanafunsenso. (Apa ndimawadzudzula pang'ono. Mkazi akati wasunga bwino, muzifunsa kuti kuti.)

Tinayenda bwino pakati pa minda ya tiyi, nkhungu ili tolo. Titatsala pang'ono kufika, tinaona masamba ataikidwa pamsewu. Zovuta. Bambo a Tadala ndi munthu wodziwa mwambo: anazimitsa injini, tonse tinatsika, tinavula zipewa, iwo nayamba kukankha njinga. Msewu unkadutsa pafupi penipeni ndi nyumba ya siwa. Azibambo anakhala mbali ina, azimayi mbali ina, ndipo mkulu wa mpingo anali pakati pa pemphero, anthu onse atazolika.

Tayala la kumbuyo linagwera m'kadzenje. Njinga inapendekeka. M'bokosi munamveka kuti gubudu.

Abale anga, nyimbo imene inaphulika siinali ya chitsitsimutso ayi. Inali ya paukwati, yoyamba ndi nthungululu ndi ng'oma. Nthungululu pamaliro! Mkulu wa mpingo anasiyira pemphero m'malere. Mitu yonse inadzuka kamodzi.

Bambo a Tadala anazula kiyi wa njinga. Nyimbo osasiya. Anadina chilichonse chimene chala chinapeza, hutala nayenso analira. Anathamangira ku bokosi, napeza loko.

"Watseka ndani? Mayi a Tadala, kiyi! Kiyi!"

Kiyi anali pachitenje cham'kati kwenikweni. M'bokosimo tambala anali atadzidzimuka, ndipo akakupiza mapiko nyimbo inkakwera. Ndinamasula bulangete, linagwera m'matope. Ndinamasula chitenje chachiwiri. Mayi wina anathamanga kudzandilandira Tadala amene anali akukuwa mopikisana ndi masipika. Mfundo ya kiyi ija inali itanyowa, ndiye ndinayamba kuiluma ndi mano ngati mbuzi, anthu mazanamazana akundiyang'ana. Nthawi imeneyo anyamata okumba manda, adzukulu aja, anali akubwera ndi makasu awo pamapewa.

Loko atatseguka, tambala anatuluka ngati chipolopolo. Luzi linali litaduka. Anadutsa pamwamba pa mitu ya akuluakulu a mpingo nakatera padenga la khitchini ya anamfedwa. Bambo a Tadala anagwira mawaya awo atsopano aja, onse pamodzi, nawazula. Panali zii. Kenako tambala anatambasula khosi nalira.

Mkulu wa adzukulu, bambo wamtali wa matope mpaka m'mawondo, anatambasula dzanja.

"Bweretsani kiyi wa njingayo. Akabaza inu mwatikwana. Mukuona ngati tikuvina pano?"

"Pepani achimwene, sindinachitire dala."

"Ikhala pompano mpaka nkhani idzakambidwe. Kaya mawa, kaya mwezi wa mawa, izo sindikudziwa."

Nyengo ya chiperoni tiyi saphuka kwambiri, ndipo ife othyola aganyu tinali titaimitsidwa ntchito. Phala la Tadala, sopo, ndiwo, zonse zinkachokera panjinga imeneyo. Ikagona kumeneko sabata imodzi yokha, ife tidya chiyani?

Bambo a Tadala anapereka kiyi, nagwira chipewa ndi manja awiri. "Wolakwa ndine," anatero. "Mawaya ndinalumikiza molakwika." Dzina langa sanalitchule ngakhale pang'ono, chonsecho nthenga zinali zikuuluka pamaso pa aliyense.

Apo ndi pamene pakati pa azimayi panadzuka munthu amene ndinkamuopa kuposa adzukulu onse: mayi Makwinja, kapitao wathu wa kumunda wa tiyi. Mayi ameneyu akapeza tsamba limodzi lokhwima m'dengu lako, amakhuthula dengu lonse pansi kuti usankhenso. Maso awo anali otupa. Womwalirayo anali mchimwene wawo.

Sindikudziwa chimene chinandikankha. Ndinangopezeka ndagwada m'matope patsogolo pawo.

"Amayi, si iwowa ayi. Ndine."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, mwana iwe. Wailesi yako taimva tonse, iwe ukulephera chiyani?"

"Ndine ndinaika tambala m'bokosi. Iwowa samadziwa."

"Unamuikiramo chiyani?"

"Ndimaopa kuti anyowa, amayi. Ndi wa apongozi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana padenga. Anayang'ananso bokosi, m'mene munali zitosi pamwamba pa ampulifaya.

"Ndiye ukundiuza kuti amene watiikira nyimboyi ndi tambala?"

"Eya, amayi."

"Anasankha yekha?"

"Ndikhulupirira choncho, amayi."

Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, ndawaliritsanso. Koma mayi amene anali pambali pawo anayamba kutsokomola modabwitsa, wina anathawira kuseri kwa nyumba atagwira pakamwa, ndipo ndinazindikira kuti mayi Makwinja akuseka. Ankaseka misozi ikutsika, moti sukanasiyanitsa kuti iyi ndi ya chiyani, iyi ndi ya chiyani.

Atapukuta m'maso anatembenukira kwa mkulu wa adzukulu.

"Mtsikana uyu ndimamudziwa. Chiyambireni kuthyola tiyi kwa ine, mawu ake ndawamva lero. Munthu wotere angabwere kudzachita mwano pamaliro? Mwamuna wakeyu mwamuona nokha, anatsika, amakankha. Wopalamula ndi uyo ali padengayo. Mugwireni ameneyo, awa muwabwezere kiyi wawo."

Mkuluyo anayang'ana tambala, anayang'ana anyamata ake amene anali atakumba chiyambire m'mawa, ndipo ndinaona kuti nkhaniyo yamugwira mtima.

"Ngati eni maliro atero, ife ndife yani? Koma awa asachoke. Akhale nafe mpaka titaika."

Tinakhaladi. Ine ndinalowa m'gulu la azimayi otunga madzi, mutu uli pansi, aliyense wondidutsa akundifunsa ngati mumtsuko mulibe bakha. Bambo a Tadala ananyamula agogo awiri amene sakanatha kuyenda, kuwapititsa kumanda panjinga pang'onopang'ono, mwakachetechete. Tambala wanga sindinamuonenso, koma fungo lake la mumphika linandipeza kuchitsime.

Pochoka ndinapita kukatsanzika kwa mayi Makwinja. Ndinawagwira dzanja. Iwo anati, "Pita, mwana wanga. Chiyambireni kudwala achimwene sindinaseke. Koma usaganize kuti tsamba lokhwima ndidzalilola." Mayi amene uja, pa tsiku limene anali ndi ufulu wonse wotilanga, anatibwezera chakudya cha mwana wathu. Ndikawaona pasikelo yoyezera tiyi masiku ano ndimawaopabe, koma ndimawapempherera ndi dzina. Bambo a Tadala nawonso sanandikalipire, ngakhale anatha masiku akupukuta ampulifaya ndi kansalu, akupuma mozama.

Kwa apongozi tinafika dzuwa litapendeka, tili ndi shuga yekha. Ine njira yonse ndinali ndikukonza mawu opepesera, koma nkhani inali itatitsogolera kale pa njinga za akabaza anzawo. Apongozi anatilandira pabwalo, manja ali m'chiuno.

"Takulandirani, apongozi. Ndamva kuti tambala wanga wafera pantchito."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Anamutenga Tadala, anatiphikira, ndipo m'mawa potsanzikana analowa m'khola natuluka ndi nkhuku yaikazi yakuda.

"Kaweteni uyu, mudzandibweretsere mwana wake. Koma ndikufuna ndione ndi maso anga pamene akwere."

Alamu anga onse anatuluka kudzaonerera. Bambo a Tadala anagogoda pa bokosi lija ndi chala, nkhope ili bwinobwino ngati munthu wosalakwa. "Malo alipo, mayi a Tadala."

Nkhukuyo ndinaikumbatira pamiyendo, pa diresi langa la kutchalitchi. Tisanafike n'komwe pa minda ya tiyi inali itachita kale zimene nkhuku zimachita, kawiri konse, ndipo ndinamva kutentha kukudutsa mpaka pakhungu. Sindinadandaule. Njinga inali ikulira pansi pathu, ikupita kwathu. Ngati pali chimene ndinaphunzira, ndi chakuti diresi limachapika.