Dziwe la Makumba M'dimba la Abiti Saidi

Lolemba

Bismillah. Lero ndayamba kudyetsa dziko lapansi.

Pawailesi akuti anthu tikuchulukirachulukira pamene mvula ikucheperachepera, ndipo m'tsogolomu nsomba tizichita kuweta ngati nkhuku. Zochulukanazo sindifunika wailesi kuti indiuze. M'nyumba muno tili asanu ndi mmodzi, ndipo Lamulungu kukufika mlamu wanga wa ku Katuli ndi ana ake anayi. Chimanga chawo chinapsa ndi ng'amba chili pa ngayaye, nkhokwe yatha Okutobala yemwe uno. Pakamwa khumi ndi kamodzi! Kudoko nakonso zavuta. Chambo chimene ndinkachikankha ndi phazi ndili mnyamata, lero timangochionera m'manja mwa ogula a ku Blantyre.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikukoka khoka mpaka msana unakana, ndiye nsomba ndimazidziwa. Pulani ndi iyi: dziwe kuseri kwa nyumba. Mlangizi wa za nsomba akuti nsomba za makumba zimakula miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Njala ikamadzafika pachimake, ife tikudya nsomba za pakhomo.

Vuto ndi limodzi. Kuseri kwa nyumba ndi dimba la mayi a kunyumba, Abiti Saidi. Mpiru wawo unauma kalekale, koma malowo awakakamira ngati muli golide. Tagwirizana motere: andibwereka mpaka Lamulungu. Lamulungu likafika m'dziwe muli madzi ndi nsomba, malo ndi anga. Apo ayi, ndikwirira ndekha, ndipo mawu oti "pulani" ndisadzawatchulenso m'nyumba muno.

Zofunika:
makasu awiri ndi fosholo
ndowa
madeya
manyowa a mbuzi, ati kuti madzi abiriwire. Ine ndinakula ndikudziwa kuti madzi abwino ndi oyera, koma chabwino.
tiana ta makumba mazana awiri, mlangizi abweretsa Lachitatu

Abiti Saidi: "Nyanja ili apa, inu mukukumba ina?"

Ndapita kukanola makasu. Anthu oona patali sachedwa ndi zoterezi.

Lachiwiri

Ndakumba kuyambira nditangoswali m'mawa. Dzuwa lisanafike pamwamba pa mpoza, msana wandikumbutsa chimene ndinasiyira nyanja. Dzenje lake, nkhuku ikhoza kulumpha osatambasula mapiko.

Ndili chigwirire m'chiuno, akudutsa Che Jafali, a nyumba yoyandikana nayo, amene tinkakoka nawo khoka limodzi. Ayang'ana dzenje, ayang'ana ine, alanda khasu osafunsa. Kenaka Che Mdoka. Kenaka ena awiri ochokera kudoko. Pofika masana amuna asanu ndi anayi ali m'dzenje, amayi andanda ndi ndowa kuchokera kunyanja mpaka kuseri kwa nyumba yanga. Palibe wofunsa za malipiro. Palibe!

Mtima wanga wadzaza. Mutu umodzi susenzadi denga. Ngakhale Che Mdoka, amene ntchito yawo yonse inali kugwirizira fosholo pamene mwini wake akumwa madzi, ndawathokoza ndi manja awiri.

Madzi afika m'mawondo. Ndathiramo manyowa a mbuzi, pang'ono pokha, anthu asanandione.

Abiti Saidi aima pakhomo la khitchini, milomo ikuyenda ngati akuwerenga mikanda ya tasibihi. Ndafunsa chimene akuwerenga.

"Alendo anuwa. Inu mwawawerenga?"

Nsanje basi.

Lachitatu

Madzi ali m'kakolo. Dzulo mawondo, lero kakolo. Ndazungulira dziwe katatu kufuna pobowoka, palibe. Mchenga wangomwa.

Mlangizi wafika pa njinga yamoto, matumba awiri apulasitiki ofufuma ali kumbuyo, tinsomba tikuyendayenda m'katimo. Wayang'ana pansi pa dziwe nthawi yaitali.

"Bambo, dongo munapondera?"

Dongo lanji? Nyanja yonseyi ili pamchenga, ndani anaipondera dongo? Wapukusa mutu, akuti tisathire nsomba kufikira titamata. Koma tinsombato m'thumba sitingagone, ndipo iye ali ndi ulendo wa ku Monkey Bay. Ndamuuza asadandaule, madzi tiziwonjezera.

Ndawonjezeradi, kapena ndinene kuti mudzi wawonjezera. Lero onyamula ndowa achuluka kuposa dzulo. Ena sindikuwadziwa n'komwe, akuti ndi a kwa Mponda, anangomva.

Tamasula matumba. Mazana awiri, tating'ono ngati chala cha mkombaphala, tikubalalika m'madzi anga, kuseri kwa nyumba yanga! Zaka zonsezi nsomba ndimaziona zikufa m'manja mwanga. Lero ndi koyamba kuziwaza chakudya. Ndawaza madeya, tabwera tonse kudzatompha. Misozi inalengeza, ndanamizira utsi wa kukhitchini.

Madzulo ano Abiti Saidi ali kumunsi kwa dziwe, chowerama, akutokosatokosa pansi. Akuti akungoyendera malo awo.

Lachinayi

Kalanga ine!

M'mawa ndikutsegula chitseko, Che Jafali ali pakhonde ndi mbale. Kumbuyo kwawo Che Mdoka, mbale. Kumbuyo kwawo mzere mpaka pampoza, aliyense mbale m'manja, nkhope zowala ngati tsiku la Idi.

"Salaam aleikum. Tabwera ku ndiwo."

Apa m'pamene ndamvetsa zimene Abiti Saidi ankawerenga. Kudoko kwathu lamulo ndi limodzi chiyambire makolo: khoka likamatuluka, aliyense wagwira chingwe sabwerera chimanjamanja. Kaya wakoka mpaka thukuta, kaya wangokhudza ndi zala ziwiri, ndiwo zake zilipo. Tsono anthuwa agwira khasu, agwira ndowa, nsomba zafika. Kwa iwo khoka latuluka.

Ndayesa kufotokoza. Ndati abale anga, izi si ndiwo, iyi ndi mbewu. Ndanena za wailesi, za kuchuluka kwa anthu, za mvula yosadalirika, za miyezi isanu. Amvetsera mwaulemu ndithu, ena akugwedeza mitu.

Che Jafali: "Mbewu ya nsomba? Achimwene, nsomba inayamba liti kubzalidwa?"

Che Mdoka: "Usipa ndi wochepa kuposa apa, koma timadya."

Ndikanatha kuwabweza. Koma chaka chimene msana unandigwetsa, ndani ankapita kudoko m'mawa uliwonse kukakhudza chingwe ndi zala ziwiri? Ine. Miyezi isanu ndi iwiri ana anga anadya chifukwa cha zala ziwirizo, ndipo wondidzazira mbale, osandiyang'ana kumaso kuti ndisachite manyazi, anali Che Jafali omwewa. Lero ndiwauze kuti chiyani?

Ndatenga kaukonde. Zisanu zisanu aliyense.

Anthu: makumi awiri ndi atatu.
Zotsala m'dziwe: makumi asanu ndi atatu kudza zisanu.
Madzi: kakolo.
Abiti Saidi: akuimba nyimbo kukhitchini.

Masana uthenga wafika kuchokera kwa Che Mdoka. Akuti n'zokoma ndi tomato, koma ulendo wina ndizisiye zikuleko pang'ono.

Lachisanu

Ndisanapite ku Juma ndaphimba dziwe ndi ukonde wakale. Ukondewo uli ndi mabowo oti mbuzi n'kudutsa, koma mbalame sizidziwa zimenezo, ndinatero mumtima.

Kumzikiti ulaliki ndi wa sadaka. Shehe akunena za dzanja lopatsa, anthu akutembenuka kuyang'ana ine. Potuluka aliyense akufuna kundigwira chanza. Mbiri yafika kale mpaka kumsika: kuli bambo wina wakumba nyanja yake ndipo akugawa nsomba ulere.

Ndikufika kunyumba, akakowa atatu aima m'dziwe ngati alipira msonkho. Mabowo aja akuwadziwa bwino lomwe. M'mphepete muli mkwekwe wa ng'azi.

Kenaka anthu a sadaka aja. Awa ndi ochenjera, lamulo akulidziwa, sabwera chabe. Aliyense wanyamula madzi. Wina chigubu, wina poto. Mayi wina wokalamba, Abiti Mussa, wabwera ndi kapu ya tiyi, wathira m'dziwe mosamala kuti lisatayike dontho, kenaka watambasula mbale. Ndaseka mpaka msana kuwawa, ndawapatsa zitatu. Enawo imodzi imodzi.

Zotsala, monga ndathera kuwerenga: makumi atatu ndi imodzi.

Dziko lapansi ndikulidyetsadi, koma mofulumira kuposa mmene ndinakonzera.

Loweruka

Dziwe latsala chithaphwi pakati, chotentha ngati madzi osamba. Tinsomba tina tayandama chagada. Ndalowa ndi sefa ya ufa, ndapulumutsa zisanu ndi ziwiri, ndaziika m'bafa pakhonde. Ndikukatenga madeya, mphaka wa Che Mdoka wachotsapo gawo lake. Iyeyu sanagwire ngakhale ndowa!

Zinayi.

Foni yalira, mlamu ku Katuli. "Alamu, tamva muli ndi dziwe la chambo! Ana sakugona ndi chimwemwe." Ndati netiweki ikuvuta.

Lero nthabwala zandithera. Ndili ndi manyazi, komanso mantha. Anthu asanu akubwera mawa atathawa njala kwawo, ndipo ine chimene ndawakonzera ndi dzenje. Dimba la mkazi wanga ndaononga, mbewu ya mlangizi ndadyetsa mudzi. Munthu wa zaka zanga!

Che Jafali abwera masana, opanda mbale. Aima pa bafa nthawi yaitali, manja kumbuyo. Apita kukayang'ana dzenje, atola mchenga, aufikisa m'manja. Achoka osatsanzika.

Pofuna kubisala ndazungulira kumunsi kwa dziwe, kumene sindinapondeko chiyambire Lachitatu. Ndaima chilili. Nthaka yonse kumeneko ndi yonyowa, yakuda bii, pamene mudzi wonse uli fumbi. Ndipo pali mizere isanu ndi umodzi ya mbatata! Zija ankatokosa Abiti Saidi ndi mphukira za kholowa zimene anakapempha kwa mnzawo. Zadzuka kale, timasamba tatsopano tili tsetsetse kuyang'ana dzuwa.

Ndowa zonse zija, za mudzi wonse, za anthu a kwa Mponda, mpaka kapu ya Abiti Mussa, zinangodutsa m'dziwe langa popita ku mbatata za mayi a kunyumba.

Abiti Saidi, ali kumbuyo kwanga: "Zaka khumi ndikukupemphani kuti muzindithandiza kuthirira."

Lamulungu

Madzi: palibe.
Nsomba m'dziwe: palibe.
M'bafa: zinayi, zamoyo, Alhamdulillah.

Pangano ndi pangano. Ndatenga fosholo kuti ndikwirire. Ndisanaponye kawiri, phokoso la ngolo. Che Jafali akukusa ng'ombe za mphwawo, ngolo yodzaza dongo la kudambo. Kumbuyo kwawo mzere womwe uja wa Lachinayi, koma pamitu pali ndowa za dongo. Che Mdoka anyamula kachibuma kamodzi m'manja, koma anyamula.

Ndafunsa kuti n'chiyani ichi.

Che Jafali: "Mwaiwala kudoko? Wodya za khoka, likang'ambika amasoka nawo."

Ndinaiwaladi kuti lamulo lija lili ndi mbali ziwiri. Agwirizana okha kuti mbale isaonekenso pano mpaka Malichi, ndipo wobwera ndi kapu ya tiyi azibwezedwa pampoza. Abiti Mussa sanakwiye. Avundukula poto, m'katimo makumba atatu aja akusambira. Akuti anawayang'ana m'maso n'kulephera kuwakazinga, akhala akuwapatsa madeya. Zisanu ndi ziwiri tsopano!

Koma malo si anganso, ndiye onse tatembenukira kwa mwini wake. Abiti Saidi atisiya tiime padzuwa kanthawi ndithu, kenaka agamula:

dziwe likhale, koma ndi lawo eni dimba
limatidwe dongo, koma kumunsi kusiyidwe kanjira kopita ku mbatata
kwa mlangizi akapepesa ndi kupempha mbewu ina ndi iwo, chifukwa ine nkhope yanga yatha
ine ntchito yanga ndi kuwaza madeya ndi kuthamangitsa akakowa

Ndavomera. Ndikanatani?

Alendo atsika lole masana, otuwa ndi fumbi la ku Katuli, ana owonda kuposa mmene ndinkaganizira. Mtima unandipweteka. Asanakhale n'komwe anawo afunsa za chambo. Ndawaonetsa bafa. Ayang'anamo, ayang'ana mayi awo, wamng'ono wafunsa ngati zimenezi ndi za lero kapena za mawa. Ndati za Malichi, Inshallah.

Za lero zinabwera zokha. Amayi aja atatula dongo anabwereranso, wina kambale ka usipa, wina utaka wouma, wina chinangwa, ati alendo a ku Katuli asagone ndi njala m'mudzi mwathu. Tadya anthu khumi ndi mmodzi mpaka kutsala. Mlamu waona mbatata zija, akuti pobwerera adzatenga mphukira, kwawo chimanga chokha chawakhaulitsa.

Dziko lapansi liyambe ladikira. Pakadali pano ndili ndi makumba asanu ndi awiri m'bafa losambira, ndipo banja lonse likusambira m'ndowa.

Komatu ndaona kuti pamwamba pa dziwe pakhoza kukhala khola la abakha, zitosi zizigwera m'madzi momwemo. Ndili ndi ka... ayi, mawu aja ndinalumbira. Ndikauza Che Jafali, akanene ngati nzeru zawo.

Mawa tikuponda dongo. Abiti Saidi akuti ndilawirire, bwana sakonda antchito ochedwa.