Utoto wa ababa wandigwira kumaso

Ababa, komwe muliko sekani ndithu, pakuti kuno ku Ulongwe anthu aseka kale mpaka nthiti kuwawa. Mwana wanu ndatchuka. Ndikamadutsa pasiteji masiku ano makondakitala sakundifunsanso ngati ndikupita ku Liwonde, akungokuwa kuti, "Tomato uyo!"

Mukukumbuka nsalu khumi ndi ziwiri za amayi akwaya ya kutchalitchi kwathu, zimene munalandira kuti muzinyike zikhale zofiira matenda asanakugwetseni? Tinakuikani m'manda zikadali zoyera m'katoni. Patangotha masabata awiri, mng'ono wanu a Bwanali anatumiza uthenga kuchokera ku Balaka kuti Loweruka abwera kudzatenga mabeseni, sikelo ndi zitini zonse za mankhwala. Ati ine ndinalekezera Fomu 2, ndingadziwe chiyani? Munthu woti maliro anu sanawaone n'komwe! Ndinalumbira kuti akafika adzapeza nsalu zofiira zili pachingwe, adzaone okha kuti ntchitoyi ili ndi mwini wake.

Ndipo ntchitoyo ndimaidziwa, musanditsutse. Zaka zonsezi ankakutungirani madzi ndani? Ndimakumbuka mukujambula pansi ndi kamtengo timphete ta ngodya zisanu ndi imodzi, monga anakuphunzitsirani kufakitale ya nsalu ku Blantyre. Munkati ufa woyamba, nafitolo uja, uli ndi timphete take, wachiwiri umene munkautcha mchere uli ndi takenso, ndipo utoto umabadwa timphetito tikalumikizana. Beseni loyamba nafitolo m'madzi otentha ndi soda woyabwa uja wa kositiki, lachiwiri mchere m'madzi ozizira. Kunyika m'loyamba, kuyanika pamthunzi, kenako m'lachiwiri.

Ndiye Lachisanu m'mawa ndinaima n'kuganiza kuti ngati nkhani ndi yoti timphete tikumane basi, mabeseni awiri ndi a chiyani? Ababa ankangokonda kuvutika! Ndinakhuthulira zonse m'beseni limodzi. Pompo madzi aja psuu! Ndinadziwombera m'manja ndekha. Ndinanyika nsalu zinayi n'kupita nazo kumjigo ndikuyenda ngati injiniya. Kungopopa kawiri, utoto wonse unatsetsereka n'kulowa m'ngalande, nsalu zinatsala ngati zagwera m'madzi otsukira nyama. Amayi amene anali pamzere ndi zidebe anayamba kundilalatira kuti ndawaipitsira pamjigo. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti timphete tikakumana m'beseni utoto umabadwira m'beseni momwemo, pamene tiyenera kukumana m'kati mwa ulusi kuti utotowo usapeze potulukira. Bwanji simunanene momveka choncho muli moyo?

Sindinagwe mphwayi. Ndinayambiranso, tsopano mabeseni awiri monga mwa lamulo lanu. Magolovesi anu ndinapeza makoswe atadya zala, ndinangowaponya uko. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Thukuta linkalowa m'maso, ndipo pofinya nsalu za m'beseni loyamba ndinkapukuta ndi manja, pamphumi, m'masaya, mpaka kukhosi. Kunkayabwa, koma madzi a beseni limenelo saonetsa mtundu, ndiye ndinkati n'thukuta chabe. Nsalu zitauma ndinalowetsa manja m'beseni lachiwiri, thukuta likadatsikabe, ine ndikupukutabe.

Beseni lachiwirilo ndinali nditaliika padzuwa, chonsecho munkanena kuti mchere uja umafa ukatenthedwa. Nsalu yoyamba inatuluka yofiira bwino, yachinayi ngati papaya, yomaliza ngati tiyi wa pamaliro.

Ndikadadabwa choncho, anatulukira mayi Kalino, wapampando wa kwaya. Anaima pachipata n'kugwira pamtima.

"Yohane mwana wanga, wachita ngozi?"

"Iyayi mayi, ndili pantchito."

"Ntchito yanji imeneyo? Tadziyang'ana!"

Ndinapita pakagalasi ka njinga yanu. Mayo ine! Mphumi, masaya, khosi, zonse psuu, ndi mizere ya zala pamwamba pake. Timphete tanu tinali titakumana pankhope panga, ndipo apa ndiye tinagwirana bwino, popanda cholakwika chilichonse.

Mayi Kalino anayang'ana nsalu pachingwe, anayang'ana ine, kenako anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa.

"Mtundu umene tinawauza bambo ako ndi umenewu ndithu," anatero. "Nanga tsono Lamulungu tikavala nkhope yakoyi?"

Ndinakhula ndi sopo, ndi mandimu, ndi mchenga, mpaka ndi mwala wotsukira mapazi. Osasuntha! Mankhwala anu ndi enieni, ababa.

Loweruka a Bwanali anafikadi, atachita kubwereka galimoto. Ndinatuluka kukawalonjera. Atangondiona anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko cha galimotoyo.

"Iwe! Chakudya n'chiyani?"

"Ndi mankhwala mwabwerera aja, bambo. Ndinangowakhudza. Lowani mutenge, zitini zili apo."

"Zimatha zimenezi?"

"Kaya. Mwina zikulowerabe m'kati."

"Asa! Achimwene anatsirika katundu wawo eti? Khala nazo wekha, ine ndili ndi ana!"

Galimoto inatembenuka fumbi lokhalokha. Sanafunse n'komwe kuti manda anu ali mbali iti.

Choncho mabeseni ali pompano, ababa. Mayi Kalino anandipatsa sabata ina, ndipo Lolemba ndinazinyikanso zonse, beseni lachiwiri lili pansi pa mtengo wa mango, manja ali m'magolovesi atsopano. Zatuluka bwino, kupatula ziwiri zimene avala oimba a mzere wa kumbuyo. Ndipo ndalumbira kuti ndikakhala pamabeseni, thukuta lingalowe m'maso mpaka ndilire, dzanja langa silidzafikanso kumaso.

Nkhope yangayi akuti isuluka khungu likasintha, ndiye ondiseka asekeretu. Koma enawa, amene sanabwere kumaliro anu, sindiwaiwala. A Bwanali, amene anapeza galimoto yodzatengera mabeseni koma ya kumaliro inasowa. Achemwali anu a ku Ngokwe, amene anangotumiza uthenga wa pafoni. A Majawa atelala, amene akhala akusoka nsalu zanu zaka zonsezi, koma tsiku limenelo makina awo ankamveka kulira ife tikudutsa ndi bokosi lanu pamsewu. Ndi a Ndelemani, mnzanu wa bawo, amene nyumba yawo imaonekera kumanda.