Ndinaba Amuna Anga ku Nathenje Dzuwa Likuswa Mtengo

Amene akuti ndikunama abwere kuno adzagwire mpini wa jeke, auzungulitse kamodzi kokha, kenako tikambirane. Ine tsiku limenelo ndinali nditauzungulitsa kuyambira mame asanakamuke, ndekhandekha, chitenje nditachimanga m'chiuno ngati lamba, thukuta likutsika mpaka kuyenda kamtsinje pansi pa chigafa, abakha a m'mudzi monse n'kubwera kudzasambiramo. Kudinda belo la fodya ndi ntchito ya anthu awiri: wina amayala fodya m'bokosi, wina amapanikiza ndi jeke. Jekeyo inali ya kalabu, tsiku lathu linali lomwelo basi, ndipo lole yotenga mabelo kupita ku okushoni inkabwera madzulo omwewo. Ikanatisiya, fodya wa chaka chonse akanatsala m'chigafa kumadyedwa ndi chuku. Nanga wachiwiri wanga anali kuti? Amuna anga, aMbewe, abambo a Esinta, anali ku Nathenje akusewera gemu.

Mukumva? Gemu. Bambo wa imvi m'ndevu.

Chinthucho chinabwera zaka zimene tinali titangozolowera matipate. Anabwera nacho Kampango kuchokera ku Joni, kabokosi kotuwa kolumikiza ku wailesi ya kanema, moto wake wa batire ya galimoto, n'kukaika m'nyumba yake ya vidiyo pa Mitundu. M'kati mwake munali kazitape mmodzi amene ankalowa yekha mumsasa wa adani, ndipo iwe wogwira chiwongolero ndiwe unkamuyendetsa ndi zala. Koma sizinali za kumenya aliyense ngati mafilimu a karati aja, ayi. Mmenemo wopambana anali wosaoneka. Kazitapeyo ankakwawa chafufumimba, ankamatirira kukhoma, ankagogoda penapake kuti mlonda apite kukasuzumira iye n'kudutsa kumbuyo, zikavuta ankalowa m'katoni n'kukhala chete. Akangokuona, belu linkalira, uyambirenso. Kampango anabweretsanso ya mpira ndi ya magalimoto, anthu anaisewera n'kutopa nayo, koma iyi ya kuzemba sinathe mphamvu, mpaka lero sinathe.

Chifukwa chake ine ndikuchidziwa, musachite kufunsa ophunzira. Tonse tinakula m'nthawi ya makadi a chipani, pamene kulowa mumsika wopanda khadi kunali kudziputira makofi ndi kukhalitsidwa padzuwa. Ndani wa ku Mitundu amene sanazembeko kuseri kwa zigayo, kudzera m'chimanga, mtima uli m'khosi, mchere wa ana uli m'thumba? Tsono m'kabokosi muja amuna anapezamo mantha omwe aja koma opanda makofi, ukagwidwa umangoseka n'kuyambiranso. Ndiye muone nkhalamba zikugwira mpweya pamodzi kazitape akamadutsa kumbuyo kwa mlonda! AMbewe anafika poyenda chamtsindetsinde m'makoma a nyumba yawo yomwe, kusuzumira pakona asanalowe pakhomo pawo, kugogoda nkhokwe kuti ine nditembenuke iwo azembe khasu.

Amayi titakwiya n'kupita kukachita phokoso, Kampango anasamutsa zonse kupita nazo ku Nathenje, kuti kutalike, n'kulemba ntchito Chidothi kuti azilondera pakhomo. Chidothi ameneyu ndi yemwe uja ankaima pageti la msika kufunsa makadi, chimunthu chonga nkhokwe, mphuno yake yotha kununkhiza mkazi wokwiya ali kutsidya kwa dambo. Lamulo linali limodzi: mkazi wa munthu asalowe.

Koma anaiwala kuti pali ine, Nabanda. Nthawi yonse ya makadi ine sindinagwidwepo. Ndinadutsapo pageti pomwepo nditasenza mbuzi yamoyo, Chidothi n'kuifunsa khadi mbuziyo, ine wosandiona, mpaka anaikhalitsa padzuwa kuti ikunyoza chipani posayankha. Ndikulumbira pali amayi anga amene anagona kumsitu uko.

Ndiye ndinasiya jeke, n'kufunditsa fodya ndi ziguduli kuti asaume, n'kuliyatsa liwiro la ku Nathenje, modula m'minda. Ndinathamanga kwambiri moti mapazi anga ankadinda pansi ine nditadutsa kalekale, anthu olima mbatata ankangoona zidindo zikubwera zokha m'fumbi n'kutaya makasu kuthawa. Chithunzithunzi changa ndinaona kuti chindiulula, ndinachivula n'kuchipachika pabulugama kuti ndichitenga pobwerera. Mpweya ndinaukoka kamodzi pa Mitundu n'kukautulutsa nditaona denga la sitolo za ku Nathenje, ndipo pamene ndinautulutsa unagwetsa zinanazi za mayi wina... ayi, anali matimati, ndisakunamizeni, ndinamutolera ndithu. Agalu atatu anandithamangira, atafika pafupi anasowa fungo, anayang'anana, n'kuyamba kulumana okhaokha chifukwa cha manyazi.

Kuseri kwa golosale ndinapeza katoni ya sopo. Mukundiona mmene ndililimu, si ine kamunthu kochepa, koma ndinadzipinda ngati chitenje cha kutchalitchi, miyendo m'khwapa, mutu pakati pa maondo, malo n'kutsala. Ndinaboola timaenje tiwiri ndi chikhadabo n'kuyamba kuyenda. Chidothi akayang'ana uko, katoni ikuyenda. Akatembenuka, katoni yaima. Ndinaima chete kwambiri moti nkhuku ina inakwera pamwamba, inaikira mazira, ndipo chifukwa cha kutentha kwa mkwiyo wanga mazirawo anaswa nthawi yomweyo, anapiye n'kutsika akulira, tambala mmodzi mwa iwo n'kuyamba kale kuthamangitsa misoti. Mukumva? Zonsezi dzuwa lisanafike pamutu.

Chidothi anakweza mphuno, n'kununkhiza kum'mawa, kumadzulo.

"Pano pakumveka mkazi wa munthu," anatero, akulankhula yekha. "Komatu ndi sopo. Iyayi, ndi sopo."

Basi anabwera n'kudzakhala pa katoni pomwepo, pamsana panga, n'kuyamba kusenda nzimbe ndi mano. Wina akanalira. Ine ndinati zikomo, mwandichepetsera ntchito, n'kunyamuka naye pang'onopang'ono, mofewa kuposa mmene mtambo umayendera, iye akutafuna nzimbe yake osadziwa kuti akuyenda, ndinamudutsitsa pa telala, pa wokonza nsapato, mpaka ndinakamutula pabenchi la pakhomo la butchala, ine n'kusolola katoni yanga pansi pake osagwedeza ngakhale khoko limodzi la nzimbe. Anakhala pamenepo tsiku lonse akubweza amayi ogula nyama, akuti mkazi wa munthu salowa, mpaka mwini butchala anamutulukira ndi chikwanje.

M'nyumba ya vidiyo munali mdima wa makatani, fungo la m'khwapa ndi la batire, amuna atadzaza mabenchi, chete ngati pa maliro a mfiti. Patsogolo penipeni aMbewe, lilime lili panja, chipewa chili kunkhongo, zala zazikulu zikuvina pa chiwongolero. Ndinayenda ndi katoni yanga pakati pa miyendo yawo, palibe anandiona, kupatula mmodzi: kazitape wa m'kanema uja. Anasiya kukwawa, anatembenuka, anayang'ana katoni yanga kupyola galasi, n'kugwada n'kuomba m'manja katatu mwaulemu, monga mwana wasukulu akakumana ndi mphunzitsi wamkulu panjira. Amuna onse anati, "Eee! Iyi ndi siteji yatsopano ya gemuyi!"

Ndisabise, ndinaonerako pang'ono. Mlonda wa m'kanemamo ankabwera ndi tochi, kazitape ali pakona, ndipo mtima wanga unagunda mmene unkagundira kuseri kwa zigayo kuja, mpaka pakamwa panga panatuluka kamawu kakuti, "Kumanzere, chitsiru iwe!" AMbewe anakhotera kumanzere n'kupulumuka, akuyesa ndi mzimu wa agogo awo. Chinthucho n'chokoma, ndikuvomera. Koma fodya sadikira.

Ndinasolola chiwongolero m'manja mwawo n'kuikamo chinangwa chimene wina ankadya, zala zawo zinapitiriza kudinda osamva kusintha. Ndinakoka thumba la gaga limene linali pakona, n'kulikhazika pabenchi, n'kuliveka chipewa chawo, n'kulipatsa chiwongolerocho. Iwowo ndinawanyamula ngati dzira n'kuwalowetsa m'katoni, maso awo n'kuwalunjika pa timaenje tija. Ndimamva kuti thumba la gagalo linasewera bwino kuposa iwo, linadutsa pamene iwo ankakanika nyengo yonse, ndipo amuna analinyamula m'mwamba akuimba nyimbo asanazindikire kuti si munthu.

Ndinasenza katoni pamutu n'kubwerera. Njira yonse aMbewe ankasuzumira pa timaenje, akuona minda ikudutsa, akudinda chinangwa, akunong'ona kuti zithunzi za siteji iyi n'zooneka ngati zenizeni, mpaka ng'ombe zikununkha. Pabulugama paja ndinatenga chithunzithunzi changa, chinali chitafota pang'ono ndi dzuwa koma chinandikwana. Ndinakawakhuthula m'chigafa.

Anayang'ana jeke, anayang'ana chinangwa, anayang'ana ine.

"Nabanda, mwalowamo bwanji m'gemu?"

"Gemu yake ndi iyi, abambo a Esinta. Yalani fodya."

"Komatu ndinatsala pang'ono kufika pa chitseko chachitsulo."

"Chitseko chachitsulo ndi cha lole. Yalani."

Anayala, ndiwayamikire. Zala zimene zinakhwima ndi mabatani zija zinkayala fodya ngati makina, ine ndikuzungulitsa jeke mpaka mpini unatentha n'kuyamba kufuka, ndinkachita kuuthira madzi, mabelo akutuluka motsatana ngati ana a nkhumba. Dzuwa likupendeka tinatsala ndi belo limodzi. Pamenepo anandifunsa, mwaulemu wokayikitsa, kuti kodi loleyo idzera njira iti. Ine wosaganiza kanthu ndinati idzera ku Nathenje, kukatenga mabelo a kalabu ya kumeneko. Anangoti, "Oho."

Twaini wosokera chiguduli anatha, ndinathamangira kunyumba kukatenga wina. Pobwera ndinapeza bokosi ladzaza bwino, fodya atayalidwa mosalala, koma aMbewe palibe. Ndinayang'ana kuseri kwa chigafa, m'nkhokwe, m'chimbudzi, zii. Uku lole yayamba kuliza hutala kumsewu. Ndinati chabwino, azembanso, tikaonana, ndipo mkwiyo wonse ndinauthira pa jeke: ndinazungulitsa kamodzi bokosi linalira, ndinazungulitsa kawiri linabuula ngati munthu, ndinati matabwa a kalabu awa ndi aulesi ngati amuna, n'kuwonjezera kachitatu ndi kachinayi mpaka nthaka ya pansi pa chigafa inatsika, chitsime cha kwa aneba n'kusefukira. Ndinasoka chiguduli mwamsanga. Anyamata a lole ananyamula mabelo ena awiriawiri, koma ili anachita kuitana ndi dalaivala yemwe. Lole inanyamuka ndi fodya wathu yense, osatsala ndi tsamba limodzi, ine n'kukhala pansi koyamba tsiku limenelo, mtima uli mbee.

Mwazindikira kale, si choncho? Ine sindinazindikire. Munthu uja anaphunzira bwino kwa kazitape wake: anadzikwirira pakati pa fodya kuti lole imunyamule ulere, akadumphe pa Nathenje. Anabisala mwaluso moti anapusitsa ngakhale ine, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu mpaka lero. Chimene anaiwala n'chakuti m'gemu muja katoni saipanikiza ndi jeke.

Ku okushoni mabelo athu onse anayenda bwino. Atafika pa lomalizalo, ogula anang'amba chiguduli kuti aone tsamba, n'kupeza nkhope ya aMbewe ikuwayang'ana, zala zikadali kudinda ngati pa chiwongolero, ndipo akuti aMbewewo anawapatsa moni n'kufunsa ngati pano ndi pa Nathenje. Ogulawo analisokanso belolo n'kulibweza. Linafika pakhomo patapita masiku, pachiguduli atalemba ndi choko, ndipo ndinawerenga ndekha, poti sukulu ya kwacha sindinapitire kukasewera: "Muli zinthu zosakhala fodya."

Nditatumbula anatuluka amoyo ndithu, atanenepa n'kutafuna fodya, koma a makona anayi. Munthu amene kale ankathyola mapapaya ataima chilili tsopano ankandilekeza m'chiuno, khosi litalowa m'chifuwa, maondo ali pafupi ndi makutu. Tinayesa kuwawongola: tinawamanga miyendo kumtengo wa muwanga, mikono kungolo ya ng'ombe ziwiri, ng'ombe zinakoka mpaka zinagwada, chimene chinatalika ndi makutu okha. Iwo sadandaula. Akuti tsopano palibe mlonda angawaone, ndipo ntchito ikatha, ikatha ndithu, ndimawalola kupita kwa kazitape wawo, nthawi zina n'kuwaperekeza kuti ndikawauze pokhotera.

Amene akukayikabe abwere pa Mitundu tsiku la msika, aime pamphambano, aone yekha. Njinga yakuda ya aMbewe, imene ankaipukuta m'mawa uliwonse osalola ngakhale ine mkazi wawo kukhudza belu lake, miyendo yawo sifikanso pa mapedulo. Ndikupalasa ndine. Iwo amakhala pakaliyala, nditawamanga ndi mphira kuti asagubuduke.