Jezi Ziwiri za Mphwake wa Yotamu

Mwambi wa mapanga uja mmene unayambira ndi umu, ana inu. Aphunzitsi akakuuzani kuti ngwamakedzana, vomerani kuti mukhoze mayeso. Koma dziwani kuti unabadwira pabwalo la mpira la pakati pa kwa Mtemwende ndi kwa Chilasa, ine ndili chiimire pomwepo, ndipo mwini wake ndi mlongo wanga Yotamu.

Tinabadwa atatu kwa Mtemwende, kuseri kwa mapiri a ku Dedza: ine woyamba, kenako Yotamu, womaliza Rozaliya. Rozaliya anapita ndi masisitere ku Sipeni kukaphunzira unamwino. Kumeneko anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, nabereka mwana mmodzi, Anselimo.

Mwanayo anayamba mpira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mu timu ya katawuni ka asodzi. Malo ake anali kutsogolo, nambala naini, uja ntchito yake ndi kugoletsa basi. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma chinthu chikachitika pabanja pathu sichindidutsa. Rozaliya akaimba foni kuti mwana wagoletsa, ndinkaponya nyemba imodzi m'botolo. Chaka china zinalowa makumi awiri ndi zitatu, ndipo timu yaikulu ya mumzinda inamutenga. Kenako anapita ku Jeremani. Uko kunamukana: kuzizira, bondo kutupa, zaka ziwiri ali pabenchi, botolo langa n'kuona nyemba zinayi zokha. Atabwerera kwawo anthu ankati watha. Chaka chomwecho ndinaponya khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Izi zisanachitike, ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, makalata awiri anamupeza mwezi umodzi. Ina inali yomuitana kukasewerera dziko la Sipeni, kumene anabadwira. Inayo inachokera kuno, kwa amayi ake. Mpira uli ndi lamulo lake: ukavala malaya a dziko limodzi, enawo wawasiya. Mwanayo anaganiza sabata yathunthu, nasankha Sipeni, ndipo anauza amayi ake kuti amupepesere kwa ine. Ine ndinati palibe chopepesa, munthu wodziwa kusankha ndiye munthu. Zigoli za dziko ndinkaponya nyemba zofiira, ndipo zinakwana zisanu ndi imodzi.

Yotamu yekha ndiye anadandaula.

"Bwanji osasewera konsekonse?" anatero. "Loweruka uko, Lamulungu kuno. Ndege zilipo."

Mawu amenewo muwasunge.

Yotamu kwathu ndi mwinimbumba, chifukwa mwamuna ndi yekhayo. Koma anakwatira chikamwini tsidya la dambo, kwa Chilasa, kumene amakhala ndi mkazi wake Filesi. Zaka makumi awiri apongozi ake aakazi sanamuyamikirepo. Ankati khasu lake ndi lopepuka, pakamwa pokha ndiye polemera.

Tsono chaka chilichonse, tsiku lotsatana ndi Khirisimasi, midzi iwiriyi imamenya mpira, opambana n'kutenga mbuzi. Bwalo lili pakati. Kuvuma kuli thanthwe lokhala ndi phanga, limenelo ndi lathu. Kuzambwe kuli linanso, la kwa Chilasa. M'menemo timasiya njinga ndi ndowa za thobwa, mvula ikagwa timabisalamo. Mkamwini amasankha m'mawa mbali yoima, kwa mkazi kapena kwawo, ndipo palibe amamuimba mlandu. Chachikulu aime pamene waimapo mpaka mpira uthe. Zaka zitatu zotsatizana mbuzi inali ikupita kwa Chilasa.

Itamveka nkhani yoti Rozaliya akubwera ndi mwana wake pa Khirisimasi, Yotamu anatupa ngati chule wa m'dzinja. Anapeza mlamu wake Dafuleni, kaputeni wa timu ya kwa Chilasa, akupopa mpira.

"Mukuvutikiranji, alamu? Chaka chino ndikupatsani nambala naini wa ku Sipeni."

"Inu? Adzakumverani?"

"Mwana wa mlongo wanga ndi wanga. Ndikati ima apa, aima."

Madzulo ake Filesi anabwera ndi tambala kukhwapa.

"Amayi akuti ngati zili zoona, ndiye kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu."

Tambalayo Yotamu anadya.

Patapita masiku awiri anabwera kwathu. Gesomu, kaputeni wa timu yathu, anamuthamangira.

"Malume, mwana wathu uja adzativalira, eti? Tatopa n'kuona mbuzi ikuwoloka dambo."

"N'zofunsa zimenezo?" anatero Yotamu. "Ine ndine mwinimbumba. Kasokeseni jezi."

Vuto lake, telala pamsika wathu ndi mmodzi. Nditapita kukatenga diresi langa ndinaona jezi ziwiri zili pachingwe, yobiriwira ya kwathu ndi yachikasu ya kwa Chilasa, zonse nambala naini, zonse zazitali ngati za munthu mmodzi. Telalayo anangoyang'ana pansi n'kumapalasa makina ake.

Ndinamuitanitsa mlongo wangayo.

"Yotamu, mwana wa Rozaliya ali ndi misana ingati?"

"Achemwali, musadere nkhawa. Uno ndi Disembala. Mvula idzagwa m'mawa, mpira sudzachitika, aliyense adzati Yotamu anayesetsa."

"Ndiye wapangana nayo mvulayo?"

"Siinalepherepo."

"Pita ukauze mbali imodzi zoona lero lomwe. Ukachedwa udzasowa kolowera, kwa mkazi wako ndi kwanu komwe."

Anati wamva. Sanapite.

Anselimo anafika. Ana inu, munthu anali uja. Wamtali, wofatsa, mphuno ya bambo ake koma mayendedwe a malemu abambo athu enieni. Anandipatsa moni atanjuta, mmene amayi ake anamuphunzitsira. Chichewa ankadziwa mawu awiri, zikomo ndi ndakhuta, koma lachiwirilo sanalitchule msanga. Ndinamuonetsa botolo. Anakhuthulira nyemba pamphasa, nawerenga, nalankhula ndi amayi ake.

"Akuti yasowa imodzi," anatero Rozaliya.

"Muuze kuti ndi ija woimbira mpira anaikana. Unandiuza mawa lake, ndinaichotsa."

Anaseka mpaka misozi, nandigwira manja onse awiri.

Za mpira wa pamudzi anamva kwa Gesomu, ndipo anaimbira foni mabwana ake kupempha chilolezo. Yotamu izi sanazidziwe. Iye anali kunja, khosi m'mwamba, kufunafuna mitambo.

Tsikulo linacha kumwamba kuli mbee. Yotamu anafika atavala suti, naima pakati penipeni pamzere, osapendekera kuvuma kapena kuzambwe. Matimu analowa, uku anthu khumi, uko anthu khumi, aliyense atasiya malo a nambala naini. Kenako makaputeni awiri ananyamuka, aliyense jezi m'manja, nakumana pamaso pa Anselimo.

Anayang'anana. Anayang'ana majezi. Kenako onse anatembenukira kwa Yotamu.

"Alamu, auzeni," anatero Dafuleni.

"Malume, auzeni," anatero Gesomu.

Yotamu anayang'ana kumwamba kotsiriza. Kunali kabawi mmodzi yekha.

"Nkhaniyi ndi yophweka," anatero. "Chigawo choyamba uku, chachiwiri uko. Mwanayu ndi wamphamvu."

Rozaliya anamasulira. Anselimo anapukusa mutu, nayankha mofatsa.

"Akuti mabwana ake amulola chigawo chimodzi chokha, chifukwa cha bondo lija," anatero Rozaliya. "Ndiye akufunsa kuti ine ndinabadwira mbali iti."

Ndinaloza kuvuma ndi mlomo. Mwanayo anati zikomo kwa Dafuleni, natenga yobiriwira. Zinatha m'kamphindi: anasankha mbali imodzi basi, ngati mmene anachitira ndi makalata aja.

Apa Yotamu akanangobwera kudzaima nafe, bwenzi atapepesa kwa Chilasa ndi tambala wina, nkhani n'kutha. Koma anaona maso a Filesi. Kuseri kwa Filesi anaona apongozi ake atakhala pamphasa pakhomo la phanga. Anatola jezi yachikasu, naikulunga m'khosi, nathamangira kuzambwe.

"Andilanda mwana," anafuula. "Ine ndili nanu mpaka mapeto. A kwa Mtemwende ndi anthu osalongosoka, ndikuwadziwa, ndinabadwa nawo."

Mphepo inkachokera kuzambwe. Tinamva zonse.

Mpira unayamba. Kwa kanthawi Anselimo sanaukhudze n'komwe. Ankangoyenda, kuona pamene pali dzenje, pamene pali chulu, anyamata awiri a kwa Chilasa ali pambuyo pake ngati nkhupakupa.

"Mlendo wanuyo wabwera kudzayendera munda?" anatero mayi wina wa tsidyalo, anthu n'kuseka.

Akuseka choncho, Gesomu anaukweza mpira m'mwamba. Anyamata awiri aja anadumpha pamene panali Anselimo, koma iye panalibe. Anali atasuntha mapazi atatu. Anaugunda ndi chipumi, goloboyi n'kungomva mphepo.

Pakati pa anthu a kwa Chilasa, amene anali chete ngati pamaliro, munthu mmodzi wa suti analumpha.

"Magazi anga amenewo! Mutu umenewo ngwa kwathu!"

Atatera pansi anapeza mudzi wonse ukumuyang'ana. Anavula jezi ija m'khosi, naipanikiza m'thumba la jekete, nazungulira kuseri kwa golo kubwera kwathu.

"Ndinapita kukamva mapulani awo," anandinong'oneza.

"Tambala uja nayenso anali mapulani?"

Anatembenukira kubwalo. Posakhalitsa a kwa Chilasa anabweza chigoli, ndipo mawu a Filesi anawoloka bwalo lonse kuitana mwamuna wake.

"Bambo a Tereza, zovala zanu zili kwa yani kodi?"

Yotamu anati akukaona njinga yake, nabwerera kuzambwe. Asanafike, Anselimo analandira mpira atafulatira golo, nautembenuza ndi mwendo wamanzere osayang'ana, uwo n'kukalowa pakona. Yotamu anaima kuseri kwa golo, mwendo wina kuloza uku, wina uko. Kenako anabwera kwathu akuvina. Dafuleni atawomba mpira pamtengo wa golo yathu, anabwereranso. Pofika popumula anali atawoloka kanayi. Anathamanga kuposa woimbira.

Anselimo anavula jezi, naipinda bwinobwino, nampatsa Gesomu. Zigoli zinali ziwiri kwa chimodzi. Pamenepo mpamene mvula ya Yotamu inakumbuka pangano. Inatsika kuphiri ngati khoma, ndipo woimbira anati mpira wathera pomwepo, mbuzi ndi ya kwa Mtemwende.

Aliyense anathamangira kuphanga la kwawo. Yotamu anayamba kuzambwe, kumene kunali mkazi wake. Koma pakhomo penipeni panali apongozi, ndipo mukudziwa kuti mkamwini sakhudzana mapewa ndi apongozi aakazi. Ngakhale panjira amapatukira kutchire. Anaima patali, nanjuta m'matope atayang'ana kumbali.

"Filesi, auze amayi asunthe pang'ono."

"Amayi akuti miyendo ikuwawa."

"Auze ndingodutsa m'mbali, nditseka maso."

"Amayi akuti pitani kwa magazi anu."

Anadzuka, nadula bwalo lonse mvula ikumukwapula. Pakhomo la phanga lathu anapeza Gesomu atagwira chingwe cha mbuzi.

"Pepani malume, muno mwadzaza anthu osalongosoka okhaokha. Mungatengere."

"Achemwali," anandiitana. "Ine ndi wanu."

Ndinamuyang'ana. Jezi ija inali itayamba kusuluka m'thumba, utoto wachikasu ukutsika pa jekete mpaka m'bondo.

"Thumba lako likunena zina," ndinatero.

Anabwerera kuzambwe. Apongozi anali asanasunthe. Anatembenukanso. Atafika pakati pa bwalo, paja amayambira mpira, mpweya unamuthera. Anaima pomwepo manja m'khwapa, madzi akutuluka m'nsapato, midzi iwiri ikumuonera uku ikumwa thobwa pouma.

Zotsatira zake ena mukuzidziwa. Yotamu anapalira yekha munda wa apongozi mpaka Febuluwale asanamuyankhenso moni, ndipo kwathu anapepesa pamaso pa mbumba yonse. Kuyambira chaka chimenecho amasankha mbali kusanache. Ine m'botolo ndinaponyamo nandolo ziwiri, ndipo Anselimo anati zigoli zimenezo sazisinthanitsa ndi zofiira zija.

Koma ndibwerere kuphanga. Mwana wa Rozaliya ndi wachifundo. Ataona malume ake akunjenjemera, anavula jekete lake kuti akawafunditse. Asanatuluke anafunsa amayi ake kanthu, nkhope ili yodabwa.

"Akuti sakumvetsa," anatero Rozaliya. "Wokhala ndi phanga limodzi aliyense wauma. Nanga malume ake, amene ali nawo awiri, anyowa bwanji?"

Ndinamuyankha, ndipo mwanayo anabwereza mawuwo mpaka anawagwira. Chichewa chake chinafika pa mawu asanu, ndipo atatu atsopanowo anapita nawo ku Sipeni. Anthu a m'phanga nawonso anawatola, mawa lake anali pamsika, lero ali m'mabuku anu.

Ndinati: "Muuze kuti wayankha yekha. Mapanga awiri avumbwitsa."